Phunziro la Zaumoyo: Nyamakazi ya Achinyamata Si Ulesi

Amayi anzathu, tinazolowera kuti nyamakazi ndi ya okalamba. Koma ilipo ina, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, yogwira ngakhale wa zaka 25. Chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mafupa a mwini wake. Bungwe la WHO linati mu 2019 odwala anali 18 miliyoni, ndipo 7 mwa 10 aliwonse anali akazi.

Tingaizindikire bwanji? Zala za manja onse awiri zimatupa, ndipo m'mawa zimauma mpaka ola lathunthu. Mtsikana wantchito ku Area 10 amalephera kufinya zochapa. Wa muofesi ku City Centre cholembera chimamupulumuka. Tisafulumire kunena kuti mpongozi wathu ndi waulesi kapena walodzedwa.

Brufen wapagolosale amangoziziritsa ululu, mfundo zikuwonongekabe, ndipo akachuluka amavulaza chifu ndi impso. Kutupa kukatha masabata angapo, timuperekeze ku Bwaila kuti akamutumize ku Kamuzu Central. Mankhwala a methotrexate akayambidwa msanga amateteza zala kuti zisapindike, koma amavulaza mwana m'mimba. Wofuna kubereka auze dokotala asanaime.

Zokambirana: Ndani mwa ife angamuchapire ndi kumuphikira tsiku limene manja akana?