Phunziro: Kuyamba Kusewera Gofu Muli Kuntchito Kunja

Amalawi ambiri amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Britain amadutsa pafupi ndi bwalo la gofu tsiku ndi tsiku. Ena ntchito yawo ili momwemo, kutchetcha kapinga kapena kunyamulira osewera thumba la ndodo. Ndiye tsiku lina anzanu akuntchito akuuzani kuti, "Achimwene, Loweruka lino tiyeni kugofu." Musanavomere, ndi bwino mudziwe mmene masewerawa amayendera.

Pa mpira wamiyendo amapambana ndi amene agoletsa zigoli zambiri. Pa gofu amapambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Mumaika kampira pansi, n'kukamenya ndi ndodo, n'kukalondola kumene kagwera, n'kukamenyanso mpaka kalowe m'kadzenje. Kumenya kulikonse kumawerengedwa. Ngakhale mutakweza ndodo kuti mumenye koma n'kuphonya mpirawo, kumeneko kwawerengedwanso.

Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, koma alipo ena a maenje 9. Dzenje lililonse n'laling'ono, mamilimita 108 kukamwa kwake, ndipo mumazikidwa mbendera kuti muzilionera patali. Kampirako n'kolimba, ndipo sikalemera kuposa magalamu 46. Kuchokera poyambira kukafika pa mbendera pamakhala mtunda wa mamita 100, kwina mpaka kupitirira 500. Kumaliza maenje onse 18 kumatenga maola anayi kapena kuposerapo, mukuyenda pansi, choncho tengani madzi akumwa ndi chipewa.

Masewerawa anakulira ku Scotland. M'chaka cha 1457 mfumu James II inawaletsa chifukwa amuna ankasiya kuphunzira kuponya mivi n'kumakasewera gofu. Malamulo oyamba olembedwa anapangidwira mpikisano wa ku Leith mu 1744. Bwalo la ku St Andrews linali ndi maenje 22, ndipo mu 1764 anawachepetsa kukhala 18, nambala imene mabwalo ena anadzatengera pambuyo pake.

Malo oyambira amatchedwa tee. Ndi pokhapa pamene mumaloledwa kukhazika mpira pa kamtengo kosongoka kuti ukwere pang'ono. Kutsogolo kwake kuli fairway, kumene kapinga amatchetchedwa bwino. M'mbali mwake muli udzu wautali, mitengo, nthawi zina madamu ndi maenje a mchenga otchedwa bunker. Zonsezi anaziika dala kuti zikuvutitseni. Kumapeto kuli green, pamene kapinga wake ndi wamfupi kwambiri moti mpira umangogubuduzika. Lamulo lalikulu ndi lakuti mpira muumenyere pomwe wagwera. Simuloledwa kuukankha ndi phazi kuti uchoke paudzu.

Wosewera saloledwa kunyamula ndodo zopitirira 14. Yaitali kwambiri ndi driver, yoponyera mpira kutali. Pali ndodo zachitsulo zotchedwa iron, zimene zili ndi manambala kunsi kwake. Nambala ikakula, mpira umakwera m'mwamba kwambiri koma supita patali. Ndiye kuti 9 imaponya pafupi kusiyana ndi 5. Wedge imathandiza kutulutsa mpira mumchenga, ndipo putter ndi yogubuduzira mpira pa green. Wongoyamba kumene safunika zonsezi. Iron ya nambala 7, wedge ndi putter zikukwanirani kwa miyezi ingapo.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri ndi kamenyedwe. Munthu amene anazolowera ntchito yamanja amaganiza kuti nkhani ndi mphamvu, ndiye amalimbitsa manja, n'kumenya nthaka kapena kupala mpira pamwamba. Amene anatchetchapo udzu ndi chikwakwa akudziwa kuti wotchetcha bwino salimbana nacho, amangochilola chizungulire chokha. Gofu ndi chimodzimodzi. Imani mutatangadza pang'ono, mapazi alingane ndi mapewa. Pindani mawondo pang'ono. Gwirani ndodo ndi manja onse awiri ogundana, mosafinya. Tembenuzani mapewa ndi chiuno popita nayo kumbuyo, kenako mubwere nayo mosathamanga. Maso akhale pa mpira mpaka utachoka. Ambiri amadzutsa mutu msanga pofuna kuona kumene mpira wapita, n'kupeza kuti ukadali pamapazi pawo. Anzanu akaseka musakhumudwe, nawonso anadutsa momwemo.

Dzenje lililonse lili ndi nambala yake yotchedwa par. Imeneyi ndi nambala ya maulendo amene katswiri amayenera kumenya kuti alowetse mpira. Dzenje lapafupi ndi par 3, lapakati ndi par 4, lakutali ndi par 5. Mukawonkhetsa maenje onse 18, mabwalo ambiri amakwana 72. Mukalowetsa ndi kumenya katatu pa dzenje la par 4, mwachita birdie. Mukamenya kasanu, mwachita bogey. Wongoyamba kumene kawirikawiri amapitirira 100, ndipo palibe chamanyazi.

Nanga wongoyamba angapikisane bwanji ndi munthu amene wasewera zaka zambiri? Apa ndi pamene pamabwera handicap. Imeneyi ndi nambala imene mumapatsidwa potengera mmene mwakhala mukusewerera, ndipo imachotsedwa pa zimene mwamenya. Kuyambira mu 2020 mayiko anayamba kugwiritsa ntchito njira imodzi yowerengera, ndipo handicap yaikulu kwambiri ndi 54. Tiyerekeze kuti inu yanu ndi 30 ndipo mwamenya ka 105. Tikachotsa 30 patsala 75. Abwana anu yawo ndi 8 ndipo amenya ka 85. Kwa iwo patsala 77. Mwapambana ndinu.

Pali zilango. Mpira ukasowa mumapatsidwa mphindi zitatu zokha zoufunafuna. Ukapanda kupezeka, kapena ukatuluka kunja kwa zikhomo zoyera za m'malire, mumawonjezera 1 pa nambala yanu n'kubwerera pamene munamenyera. Ukagwera m'damu mumawonjezeranso 1. Chodabwitsa n'chakuti pa masewera a tsiku ndi tsiku sipakhala woyimbira. Aliyense amawerenga yekha n'kuuza mnzake amene akulemba pa khadi. Osewera amapirira munthu wosadziwa kumenya, koma amene amabisa nambala kapena kusuntha mpira mobisa samuitananso. Ngati anthuwo ndi akuntchito, mbiriyo imakafika ku ofesi Lolemba m'mawa.

Chinanso chimene amadana nacho ndi kuchedwetsa anthu, chifukwa kumbuyo kwanu kukubwera gulu lina. Mukaona kuti mwamenya kasanu ndi katatu koma mpira sunalowe, pa masewera ongocheza utoleni mupite pa dzenje lotsatira. Mnzanu akamamenya khalani chete, ndipo musaime kutsogolo kwake. Mpira wanu ukalowera kumene kuli anthu, fuulani kuti "Fore!" Mukamva wina akufuula choncho, weramani n'kuphimba mutu. Mukatuluka mumchenga salazani mapazi anu ndi chosalazira chimene chimakhala pambali. Makalabu ambiri amafuna malaya a kolala ndipo salola jinzi, choncho funsiranitu. Amene muli ku Johannesburg samalani ndi ziphaliwali za nthawi ya mvula. Sayirini ikalira siyani kusewera mukalowe m'nyumba, osabisala pansi pa mtengo.

Za ndalama tisabisane, gofu ndi wodula, ndipo munthu amene ali kunja amakhala ndi fizi ya ana ndi feteleza zomudikira kumudzi. Musathamangire kulembetsa umembala kapena kugula ndodo zatsopano. Yambani ku driving range, kumene mumagula ndowa ya mipira n'kumamenya muli pamalo amodzi. Ndodo mungabwereke kapena kugula zakaunjika. Ku Britain kuli mabwalo a makhonsolo amene aliyense amalowa akalipira za tsikulo, ndipo mabwalo ambiri amatsitsa mtengo chakumadzulo. Ngati pali kandalama kapadera, kuli bwino kulipira mphunzitsi kawiri kapena katatu kusiyana n'kugula driver yonyezimira.

Ena amati masewerawa ndi a mabwana okha. Kale ku South Africa lamulo lenilenilo linkasankha anthu potengera khungu. Papwa Sewgolum anali mmwenye wosauka wa ku Durban, wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, amene anaphunzira gofu akunyamulira azungu ndodo. Ankagwira ndodo mosemphanitsa manja, mosiyana ndi mmene aphunzitsi amanenera. Komabe anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964. Anapambananso Natal Open mu 1963, ndipo mu 1965 anaitenganso atagonjetsa katswiri wa gofu Gary Player. Ulendo wina mphoto yake anailandirira panja mvula ikugwa, chifukwa sankaloledwa kulowa m'nyumba ya kalabu. Malamulo amenewo anatha, ndipo mukadzabwerera kwathu mabwalo aliko ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Limbe.

Tsopano tengani pensulo muwerengere. Munthu wasewera maenje atatu. Loyamba ndi par 4 ndipo wamenya ka 6. Lachiwiri ndi par 3 ndipo wamenya ka 4. Lachitatu ndi par 5, wamenya ka 7, koma mpira unagwera m'damu kamodzi. Kodi pa khadi alembe nambala yanji yonse pamodzi? Wapitirira par ndi zingati? Ndi pa dzenje liti pamene wachita bogey?