Mphepo, Madzi ndi Malo: Nzeru za Asing'anga Akale a ku Greece

Zaka pafupifupi 460 Yesu asanabadwe, pa chilumba cha Kos m'dziko la Greece panabadwa sing'anga wotchuka dzina lake Hippocrates. Limodzi la mabuku odziŵika ndi dzina lake limakamba za mphepo, madzi ndi malo. Bukulo limalangiza kuti sing'anga akafika m'mudzi wachilendo ayambe wafufuza nyengo za pachaka, kumene mphepo imachokera, madzi amene anthu amamwa, ndiponso kadyedwe kawo.

Asing'anga a ku Greece ankakhulupirira kuti m'thupi muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Ankati kutentha, kuzizira kapena chinyezi zikachulukitsa mtundu umodzi, munthu amadwala. Chiphunzitso chimenechi madotolo anachisiya kalekale.

Komabe maso awo ankaona zoona. Bukulo limanena kuti anthu akumwa madzi osayenda a m'madambo amatupa kapamba ndi kuwonda, ndipo nyengo yotentha amavutika ndi kamwazi, kutsegula m'mimba ndi malungo. Limalangizanso kuŵiritsa madzi a mvula.

Gwero la malungowo linadziŵika patapita zaka zoposa 2,000. M'chaka cha 1897, ku India, Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, umene umaswana m'madzi osayenda. Kamwazi ndi kutsegula m'mimba zimadza ndi tizilombo ta m'madzi ndi m'zakudya zauve.

Choncho banja limene limakwirira zithaphwi pakhomo, kugona m'masikito ndi kuŵiritsa madzi akumwa limatseka njira zimene matendaŵa amadzera.