Banki ikafuna kulanda nyumba ku Dubai

Anzanga a geni, tikamapita kukaoda katundu ku Deira kapena ku Dragon Mart timamva zoti mlendo atha kugula nyumba ku Dubai pa ngongole ya banki. Nzoona, ndipo ena pagulu pano ayamba kale kufunsa mitengo ya mafulati a ku International City. Chomwe otsatsa nyumbazo satiuza ndi zimene zimachitika geni ikagwa, munthu n'kulephera kubweza.

Lamulo lake ndi Law No. 14 la mu 2008. Nyumba ija imakhala chikole, ndipo chikolecho chimalembetsedwa ku Dubai Land Department. Banki siingangofika n'kusintha loko ayi. Ngakhale mutasaina kuti mukalephera nyumbayo ikhale yawo, lamulolo silivomereza zimenezo. Imayenera kukupatsani kaye chenjezo la masiku 30 kudzera kwa Notary Public. Masikuwo akatha musanalipire, banki imapita kukhothi, woweruza n'kulamula kuti nyumba igwidwe, igulitsidwe pa okushoni.

Kwathu tinazolowera kuti banki ikaika nyumba yako mu nyuzipepala, umathamangira ku High Court kukatenga chiletso, nkhani n'kumakokedwa mwina zaka. Nzeru imeneyo muisiye pa Chileka kapena pa KIA. Ku Dubai woweruza atha kuimitsa malondawo kamodzi kokha, kwa masiku osaposa 60, ndiponso pokhapokha ataona kuti mulipiradi m'masikuwo, kapena kuti kugulitsako kukupwetekani kwambiri. Komanso khothi limayendetsa zonse m'Chiarabu, ndiye mapepala anu ayenera kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Zonsezo ndi ndalama, loya osawerengera.

Si zongoopseza izi. Mitengo ya nyumba itagwa kwambiri mu 2009, kumayambiriro kwa 2010 kunamveka kuti Barclays yawina milandu yoyamba yolanda nyumba pa lamulo limeneli.

Pamene ine pamandiopsa kwambiri ndi apa. Nyumba ikagulitsidwa motsika, ndalama n'kusakwana ngongole, yotsalayo ikadali pamutu panu. Banki itha kuitsatira kukhothi, n'kupempha kuti akuletseni kutuluka m'dzikomo. Ife geni yathu ili m'miyendo. Taganizani mwapita kukaoda mafoni ku Naif, kontena yanyamuka kupita ku Beira, inu akukubwezani pa bwalo la ndege. Katunduyo akamuombola ndani? Ndiye aja amati "ndingobwerera ku Lilongwe, nyumbayo atenge", dziwani kuti msika wa Dubai mwadzitsekera nokha.

Kuona kwanga, mwezi woyamba umene mwaona kuti ndalama sikwana, pitani ku banki chenjezo lisanabwere. Pemphani akutalikitsireni nthawi yobwezera, kapena akuloleni mupeze nokha wogula, chifukwa ku okushoni sakufunsani mtengo. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, za pakamwa ayi. Ndipo ngati mumakhalitsa kumudzi, onetsetsani kuti nambala ndi imelo zomwe banki ili nazo zikugwira, poti masiku 30 aja sadikira kuti mubwere ku maliro.