Kodi maonekedwe a bawo asinthidwe?

Funso: Osewera bawo pamsika wa Chonde, m'boma la Mulanje, akutsutsana ngati n'koyenera kusiya thabwa losema ndi kutengera maonekedwe atsopano a pafoni.

Yankho: Maonekedwe a bawo amasunga malamulo ake, chifukwa mizere 4 ya maenje 8, pamodzi ndi njere 64, ndiyo imathandiza wosewera kuwerengera mumtima kumene dzanja lake likathere. Nyumba, yomwe ndi dzenje la ngodya zinayi mumzere wakutsogolo, imasiyanitsidwa dala ndi maenje ozungulira popeza ili ndi malamulo akeake, monga zililinso ku Zanzibar. Mtundu ndi zopangira zingasinthe popanda vuto, koma kufafaniza zizindikiro zoterezi kungasokoneze akatswiri ndi ophunzira omwe.