Enfield West, Dera la Phungu Limene Linatha: Mafunso ndi Mayankho

Kodi Enfield West linali dera lotani, ndipo linali kuti?

Linali dera lotumiza phungu mmodzi ku Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, kumpoto kwa mzinda wa London, m'chigawo chimene masiku amenewo chinkatchedwa Middlesex. Kuyambira 1885 kunali dera limodzi lotchedwa Enfield. Koma anthu atachuluka, ndipo lamulo la 1948 litalola kuti malire alembedwenso m'dziko lonse, dera lija linang'ambidwa pakati, kotero kuti pa chisankho cha 1950 kunabadwa Enfield East ndi Enfield West. Kum'mawa, m'mbali mwa mtsinje wa Lea, kunali mafakitale ndi nyumba za antchito, ndipo n'kumene ankasula mfuti za Lee-Enfield zimene makolo athu ananyamula pa nkhondo ali asilikali a King's African Rifles. Kumadzulo, pamodzi ndi tauni ya Potters Bar, kunkakhala mabanja opezako bwino, amene ambiri a iwo ankalawirira ku ntchito za m'maofesi mu London.

Nanga anthu a kumeneko ankasankha chipani chiti?

Akulu anati mtengo ugwera komwe udaweramira. Pa chisankho cha 1945, Enfield asanagawidwe, anapambana ndi Ernest Davies wa chipani cha Labour. Koma malire atalekanitsa antchito a m'mafakitale ndi eni nyumba a kumadzulo, mbali iliyonse inatsata mtima wake: Enfield East anakhala wa Labour, Enfield West wa Conservative, ndipo sizinasinthe kufikira madera onse awiri anatha. Panachitika zisankho zazikulu mu 1950, 1951, 1955, 1959, 1964, 1966 ndi 1970, ndipo pa zonsezo wopambana ku Enfield West anali munthu mmodzi, Iain Macleod, angakhale m'zaka zimene chipani chake chinagonja m'dziko, monga 1950, 1964 ndi 1966.

Kodi Iain Macleod anali yani?

Anabadwa mu 1913 ku Skipton, koma makolo ake anali a ku chilumba cha Lewis ku Scotland, ndipo kumeneko, m'dera la Western Isles, n'kumene anayamba kupikisana mu 1945, nalephera. Atalowa m'Nyumba ya Malamulo, lilime lake lakuthwa linamkweza msanga, pakuti mu 1952, atatsutsana mwamphamvu ndi Aneurin Bevan pa za zipatala, Winston Churchill anamuika kukhala nduna ya zaumoyo. Mu 1955 anakhala nduna ya zantchito, ndipo mu Okutobala 1959 Harold Macmillan anampatsa udindo woyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain.

Tsono ife a kuno zikutikhudza bwanji?

Zikutikhudza kwambiri, pakuti dziko la Nyasaland linali m'gulu la maiko amenewo, ndipo Macleod analandira udindowo dziko lathu lili m'chisoni chachikulu. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo lokhwima la nthawi ya chipwirikiti; anthu anaphedwa ku Nkhata Bay ndi kwina, atsogoleri a Nyasaland African Congress anamangidwa, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anatsekeredwa m'ndende ya ku Gwelo, kumene lero ndi Gweru. Ngakhale Bwanamkubwa ananyinyirika, ndipo Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya chimene dziko lathu linalimo, anakana kwamtuwagalu, Macleod anaumirira kuti sipangakhale mtendere mtsogoleri wa anthu ali m'unyolo, nafika ngakhale poopseza kuti atula pansi udindo. Ndipo pa 1 Epulo 1960 Dr Banda anamasulidwa, nakumana naye ku Zomba. Msonkhano wa ku Lancaster House m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti chaka chomwecho unabala malamulo atsopano, ndipo pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 chipani cha Malawi Congress chinatenga mipando yonse 20 ya m'kaundula wa anthu wamba.

Pano pali chinthu chimene ndifuna owerenga achilingalire mofatsa. Munthu amene anagwira makiyi a ndende ya Gwelo sanasankhidwe ndi Mnyasalandi ngakhale mmodzi. Anasankhidwa ndi anthu a ku Enfield ndi Potters Bar, amene poponya voti ankaganizira za misonkho, nyumba ndi malipiro awo, ndipo ambiri mwina sanadziwe kumene kuli Zomba. Chomwecho ndicho chinali chisalungamo cha utsamunda, kuti tsogolo la mtundu wathunthu lipachikike pa voti ya alendo akutali.

Kodi tinganene kuti ovota a ku Enfield West ndiwo anatipatsa ufulu?

Iai, ndipo wonena chotero achimwira magazi a iwo amene anafa mu 1959, pakuti ufulu anaumenyera ndi eni dziko. Taonaninso nyengo zake: Macleod anapatsidwa udindo uja patapita masiku owerengeka chichitikire chisankho cha 1959, nausiya mu Okutobala 1961, ndipo pamene anabwereranso kwa ovota ake mu Okutobala 1964, Malawi anali atalandira kale ufulu pa 6 Julaye. Ovotawo sanafunsidwe konse za ife. Chimene anachita n'chakuti anampatsa mpando wosagwedezeka, ndipo munthu wokhala pa mpando wotere angathe kupirira chidani chimene chikanagwetsa mnzake wa m'dera lolimbirana. Chidanicho chinalipo ndithu: mu 1961 Lord Salisbury anamnyoza poyera kuti ndi wochenjeretsa, ndipo atakana kutumikira m'boma la Sir Alec Douglas-Home mu 1963, ngakhale ena mwa akuluakulu a chipani m'dera lake lomwe anaipidwa naye. Komabe ovota sanamtaye.

Anatsata Macleod ndani?

Chipani chake chitapambana mu Juni 1970, Edward Heath anamuika kukhala nduna ya zachuma, koma anamwalira pa 20 Julaye, atagwira ntchitoyo mwezi umodzi wokha. Pa chisankho chapadera cha mu Novembala anapambana Cecil Parkinson, amene pambuyo pake anakhala wapampando wa chipani m'nthawi ya Margaret Thatcher.

Nanga dera lotere linatheranji?

Linathera malire, monga linabadwira malire. Mu 1965 Enfield analowa mu Greater London, pamene Potters Bar anaperekedwa ku Hertfordshire, kotero kuti dera limodzi linatsala litapondaponda m'zigawo ziwiri. Ndipo olemba malire, amene sankafuna kuti dera la phungu lidumphe malire otere, analifafaniza pa chisankho cha mu Febuluwale 1974. Mbali ya Enfield inalowa m'madera atsopano a mu London, Potters Bar analowa mu South Hertfordshire, ndipo Parkinson anasamukira komweko. Enfield West linakhala zaka 24, ndipo aphungu ake anali awiri okha.