NKHALAMBA YOIWALA SI MFITI: DZIWANI MATENDA A DEMENTIA

Kumidzi ya kuno kum'mawa nkhani iyi si yacilendo. Mbandakuca anthu apeza mai wokalamba ali ciriri pakhomo pa eni, nsalu itamasuka, ndipo sadziwa m'mene wafikira. Akam'funsa ayankha zosamveka. Posacedwa mbiri yawanda kuti mfiti yagwa pa ulendo wa usiku, ena ayamba kutola miyala. Awerengi, kawirikawiri munthu wotere ndi wodwala. Matenda ake acipatala ati dementia.

Matendawa ndi kuonongeka kwa bongo kumene kucitika pang'onopang'ono pa zaka zambiri. Mtundu wofala ndi wa Alzheimer, dzina la dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Bungwe la WHO linanena mu 2021 kuti odwala dementia pa dziko lonse anapitirira 55 miliyoni. Mtundu wina ubwera pamene mitsempha ya magazi ya m'bongo yaonongeka cifukwa ca BP, shuga kapena sitiroko. Mowa wa zaka zambiri, cindoko ndi HIV yosalandirira mankhwala naizo zitha kuononga bongo.

Tonse timaiwala kumene taika khasu. Koma ambuya akaligwira khasulo osadziwa nchito yake, pamenepo pali matenda. Afunsa funso limodzi kakhumi, asokera pa njira ya kucitsime imene ayendapo zaka makumi asanu, aiwala kuti adya nauza alendo kuti mpongozi awamana nsima. Ena abisa ndalama pa denga, mawa lake ati mdzukulu waba. Mabanja ambiri apasuka pa milandu yotere.

Coyamba pitani nao kucipatala. Ngati kusokonezeka kwayamba mwadzidzidzi, pa tsiku limodzi kapena awiri, musacedwe konse, pakuti malungo, matenda a m'cikhodzodzo kapena kutsika kwa shuga zisokoneza nkhalamba, ndipo zimenezi zicira. Dementia yeniyeni ilibe mankhwala ocizira, koma acipatala atha kuceza nanu, kupima BP ndi kucepetsa mabvuto ena monga kusowa tulo. Pakafunika, akiliniki adzakutumizani ku cipatala cacikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete.

Nchito yaikulu ili panyumba. Musatsutsane nao. Ambuya akafunsa amuna ao amene anamwalira kale, kuwauza za maliro tsiku ndi tsiku ndiko kuwaliritsa maliro atsopano. Ingonenani kuti, "Ambuya, tatiuzani, munakumana kuti ndi agogo?" Za kale azikumbukira bwino kuposa za m'mawa, ndipo pofotokoza mtima ukhala pansi. Lankhulani mau ocepa, muli kutsogolo kwao, ndipo dzichuleni dzina. Nthawi ya kudya, kusamba ndi kugona ikhale imodzimodzi masiku onse. Apatseni madzi akumwa ngakhale sanapemphe. Asangokhala: manja amene anazolowera kutonola cimanga ndi kusenda nshawa saiwala msanga, ndipo ambiri aimbabe nyimbo za kuchalichi ngakhale maina a ana ao anathawa.

Samalani moto. Mbaula isagone m'cipinda cao, ndipo mankhwala opopera thonje, parafini ndi mipeni zikhale pobisika. Citsime cibvundikiridwe. Sokererani pa malaya ao kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Kuwamanga cingwe kapena kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse ndi nkhanza, ndipo kuonjezera ukali.

Wosamala wodwala nayenso atopa. Nthawi zambiri katunduyu agwera mwana wamkazi mmodzi, kapena mdzukulu amene acotsedwa pa sukulu, cinthu cosayenera m'pang'ono pomwe. Abale khalani pansi mugawane masiku. Inu a ku Lusaka ndi ku migodi, ndalama ya sopo ndi yabwino, koma bwerani mudzakhaleko sabata kuti mlongo wanu apumule.

Matendawa musawabise. Uzani anyakwawa, akulu a mpingo ndi oyandikana nao, kuti akapeza ambuya panjira usiku awaperekeze kwao. Dziwaninso kuti m'Zambia lamulo la Witchcraft Act liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wocita zimenezi atha kuimbidwa mlandu kukhoti. Wina akaopseza nkhalamba yanu, kaneneni kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo.