Ophunzira anga akulephera, ndifunse kwa yani?

Alangizi,

Ndine mphunzitsi watsopano pa yunivesite. Phunziro langa ndimalidziwa bwino, koma ophunzira ambiri akulephera mayeso, ndipo ndikuchita manyazi kufunsa anzanga. Nditani?

Mphunzitsi wodandaula

Aphunzitsi,

Vutoli si lanu nokha. Ambiri amalembedwa ntchito pa yunivesite chifukwa cha digiri, asanaphunzitsidwepo kaphunzitsidwe, ndipo aliyense amavutika payekha. Mutu umodzi susenza denga: yambitsani gulu la aphunzitsi lophunzitsana. Magulu otere anawayambitsa Milton Cox ku Miami University, ku Ohio, mu 1979.

Chitani izi:

1. Sonkhanitsani anzanu 8 mpaka 12 a m'madipatimenti osiyanasiyana, kuti aliyense amasuke.
2. Sankhani vuto limodzi, monga kuphunzitsa kalasi yaikulu.
3. Muzikumana pakatha milungu itatu iliyonse, kwa chaka chathunthu.
4. Muzionererana pophunzitsa, n'kumauzana zoona mwaulemu, osaweruzana.
5. Yesani njira yatsopano, kenako muunikire limodzi mayankho a ophunzira.

Semesita ikatha zinthu zisanasinthe, kapena nkhawa ikamakusowetsani tulo, musazengereze: kaonaneni ndi mkulu wa dipatimenti yanu kuti akupezereni mphunzitsi wamkulu wokuthandizani.